Poyeza mtovu m'malo otetezedwa, tisaiwale nyongolotsi

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za kayezedwe ka mtovu m'dothi la nkhalango ndi madambo otetezedwa. Akatswiri amatapa dothi, kupita nalo ku labotale, n'kubwerako ndi nambala imodzi. Ikakhala yotsika poyerekeza ndi mlingo woikidwira malo okhala anthu, ena amapumira m'mwamba kuti zonse zili bwino. Ine ndikuti ayi, chifukwa eni nkhalango si anthu.

Taonani milingo imene bungwe loona zachilengedwe ku America, la EPA, linatulutsa mu 2005. Pa kilogalamu imodzi ya dothi, tizilombo ta m'nthaka anatiikira mamiligalamu 1,700 a mtovu, zomera 120, nyama zoyamwitsa 56, koma mbalame 11 basi. Kupyola pamenepo sikutanthauza kuti mbalame zayamba kufa, koma kuti pakufunika kufufuza mozama. Nanga n'chifukwa chiyani kusiyanaku kuli kwakukulu chonchi? Nyongolotsi imameza dothi tsiku lonse, mtovu n'kumaunjikana m'thupi mwake, iyo osafa. Mbalame yofukula nyongolotsi ndiyo imasenza zonsezo. Choncho dothi lingathe kuoneka lamoyo, udzu uli biriwiri, chikhalirecho mbalame zikudya poizoni.

Komanso mtovu suwola. Petulo wa galimoto wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa padziko lonse mu 2021, Algeria ndiye anali womaliza, koma utsi wa zaka zija unasiya mtovu m'mbali mwa misewu ndipo ulipobe. Umakakamira kudothi lapamwamba, mmene muli zinyalala zowolerana. Dothi likakhala la asidi wambiri, mtovu umasungunuka mosavuta n'kulowa m'mizu ndi m'tizilombo. Malo awiri angathe kupereka nambala yofanana ku labotale koma ngozi yake n'kusiyana kutali.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zipolopolo za mtovu zimene alenje amawombera. Sizigwa mofanana paliponse, ndiye mukasakaniza dothi la malo khumi n'kuyeza pamodzi, pamene zinaunjikana pamabisika. Bakha wakutchire alibe nazo ntchito zowerengera zathuzi. Amatola kachipolopolo poyesa kamwala kogayira chakudya, nthutumba n'kukapera mpaka mtovu kulowa m'magazi. N'chifukwa chake America inaletsa zipolopolo za mtovu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, ndipo mayiko a European Union anaziletsa m'madambo kuyambira mu February 2023. Miimba nayo imameza tizidutswa ta zipolopolo m'mitembo ya nyama. Miimba ikuluikulu ya ku America yotchedwa California condor inatsala mbalame 27 zokha mu 1987, ndipo ngakhale zinachulukanso, mtovu ukuziphabe. Kuyeza dothi kokha sikungaulule zimenezi.

Ndikudziwa kuti kuyeza magazi a mbalame kumadya ndalama, ndipo oyang'anira malo otetezedwa ambiri amavutika ndi mafuta a galimoto omwe. Komabe kukumba nyongolotsi n'kuzitumiza ku labotale limodzi ndi dothi si ntchito yodula kwenikweni. Pempho langa kwa atolankhani anu n'lakuti lipoti lina likadzanena kuti mtovu m'nkhalango yakutiyakuti uli pansi pa mlingo, adzafunse kuti mlingowo ndi wa ndani, dothi analitapa pati, ndipo asidi wake anamuyeza kapena ayi.

Ine wanu,
Wokonda mbalame