Pasayiti pakabedwa, musamangogwira mlonda

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya kuba ndi kuwononga katundu m'malo omwe mukumangidwa nyumba, misewu ndi mafakitale. Ndine mmisiri womanga, ndipo chomwe chimandiwawa n'chakuti pasayiti pakangosowa simenti kapena zitsulo, woyamba kukwezedwa m'galimoto ya apolisi amakhala mlonda. Abwana amapuma, nkhani yatha.

Koma katundu wambiri satuluka usiku ayi. Amatuluka dzuwa likuswa mtengo, mlonda wausiku ali mtulo kwawo. Lole imabwera ndi simenti, wosunga sitolo n'kusayinira kuti matumba onse afika pomwe ena atsitsidwa kale panjira. Kapitawo amauza anyamata kuti achulutse mchenga posakaniza konkire, matumba otsalawo n'kutuluka madzulo ataphimbidwa ndi zinyalala. Zitsulo zolimbitsira konkire za Y12 amazidula zifupizifupi, kuziika pansi pa wilibala, pamwamba zidutswa za njerwa. Dizilo ndiye musanene: kapayipi m'thanki ya giledala, kupopa ndi pakamwa, zigubu n'kudzaza, mawa lake mafutawo akugulitsidwa m'mbali mwa msewu, makamaka nthawi zomwe pamafilingi pali mizere. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye abwana amasankha kudzudzula mlonda.

Kuba simenti kotereku n'koopsa kuposa kuthyola loko, chifukwa sikuoneka tsiku lomwelo. Kumadzaonekera pa ngalande yomwe yang'ambika ndi mvula yoyamba, kapena pa khoma la kalasi lomwe likuyoyoka mukalikanda ndi chala.

Tsono taonani mlondayo. Amamusiya yekha ndi chibonga, wezulo ndi tochi yopanda mabatire, kuti ayang'anire katundu wa mamiliyoni pamalo opanda mpanda ngakhale babu limodzi. Boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, kutsatira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komabe alipo makontirakitala omwe amalipira alonda mochedwa, ena mochepera pa lamulo. Munthu amene ana ake agona ndi njala, wina akamupatsa kangachepe kuti ayang'ane kumbali, mukuganiza kuti akana? Sindikuikira kumbuyo wakuba, ndikungoti chitetezo chotchipa chimadula pamapeto.

Kwa eni ntchito ndikuti: katundu aziwerengedwa ndi anthu awiri osiyana, wolandira ndi wotulutsa, ndipo buku lolembamo katundu lizitsekedwa tsiku lililonse. Musaunjike simenti ya miyezi itatu pamalo pomwe ya sabata imodzi ingakwane. Makina azigona malo amodzi owala, mathanki okhoma, dizilo atayezedwa madzulo ndi m'mawa. Mpanda wa malata ukhale ndi geti limodzi basi. Ndipo musanayambe kukumba, kaonaneni ndi amfumu komanso achitetezo a m'deralo, mulembeko ganyu achinyamata a pomwepo. Anthu sawononga msanga chinthu chomwe akudyerapo, koma mukabweretsa antchito onse kuchokera kutali, oyandikana nanu amangopenya katundu akutuluka.

Mbali ina ndi ya ogula. Mawaya a kopa a m'mathiransifoma a ESCOM, zivundikiro za zitsulo za m'misewu ya ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zikwangwani za pamsewu wa M1, zonsezi zimabedwa chifukwa pali sikelo yomwe ikuzidikira. Wogula zitsulo zakale amadziwa bwino kuti chivundikiro cha ngalande sichichokera kukhitchini kwa munthu. Apolisi ndi makhonsolo aziyendera malo amenewa modzidzimutsa, aone malaisensi, afunse buku losonyeza yemwe wagulitsa chiyani. Wopezeka ndi katundu wakuba amutsekere bizinesi ndi kumutengera kukhoti pamodzi ndi wakubayo, osati kungomulanda zitsulozo n'kumusiya kuti mawa atsegulenso.

Mmisiri wodandaula,
Area 25, Lilongwe