Kalata yotseguka kwa a Vlatko Andonovski a Kansas City Current

Bambo Andonovski,

Ndine mmodzi mwa Amalawi ambirimbiri amene tinayamba kusapota Kansas City Current, timu ya mpira wa amayi ya mu ligi ya NWSL ku America, mu 2024 chifukwa cha Temwa Chawinga, sindibisa, poyamba ngakhale dzina la timuyi sindinkalidziwa. Koma pano ndi timu yanga, magemu ambiri amakhala pakati pausiku kuno koma ndimadzuka kuonera ndithu, ndiye zimene zinachitika pa 9 November 2025, tsiku limene tinatuluka mu ma playoff inu muli kochi, zikundiwawabe mpaka lero, nchifukwa chake ndati ndikulembereni.

Ndiyambe ndi kukuyamikani chifukwa sizoni ya 2025 inali yoti munthu sungaiwale. Magemu 26, kuwina 21, kuluza atatu okha, mapointi 65, Washington Spirit imene inali nambala 2 munaisiya ndi mapointi 21. Kumbuyo kunali kotseka zenizeni, goloboyi Lorena ndi anzake analola zigoli 13 basi chaka chonse. NWSL Shield yoyamba ya kalabuyi, mphotho ya timu yomaliza pamwamba pa tebulo, munaitenga mu September ligi ikadali ndi magemu angapo, ndipo Temwa anatenganso Golden Boot (mphotho ya womwetsa zigoli zambiri) ndi zigoli 15 komanso MVP (mphotho ya wosewera bwino kuposa onse) kachiwiri motsatizana. Ntchito imeneyi ndi yanu ndi atsikana aja, palibe angakulandeni.

Koma apa mpamene pali funso langa. Shield itabwera kale, malo oyamba ali otetezeka, gemu ya kotafainolo ya ma playoff, magemu olimbirana chikho ligi ikatha, mukudziwiratu kuti idzakhala pakhomo, chinavuta nchiyani kuti Temwa apume? Gemu ya ku Houston ya mu October ija inalibe chimene ikanasintha pa tebulo, koma ndi momwe anavulalira mnofu wa pantchafu nkutuluka, ndipo sanabwererenso mpaka sizoni kutha. Ndikudziwa kuti osewera akakhala nthawi yaitali pa benchi miyendo imalemera, ndikudziwanso kuti Temwa mwini wake si munthu wofuna kukhala pansi, amafuna gemu iliyonse ndiponso anali pa mpikisano wa Golden Boot. Kuvulala nako sikuodira. Komabe ntchito ya kochi nkumuteteza wosewera ngakhale kwa iye mwini, makamaka munthu amene mpira wake wonse wagona pa liwiro, amathamanga mwamphamvu kuyambira mphindi yoyamba mpaka wezulo yomaliza, minofu imatopa inu.

Ndiye tsiku lija linafika, Gotham FC imene inalowa ma playoff ili nambala 8 kubwera pa bwalo lathu la CPKC Stadium. Kulimbikira kunalipo, koma kutsogolo kunalibe woopsa uja amene otchinga kumbuyo akamuona amabwerera mmbuyo okha, ndiye Gotham inasewera momasuka. Jaedyn Shaw atagoletsa mchigawo chachiwiri ndinaona ngati zatha, kenako Ellie Wheeler kubweza mu nthawi yongowonjezera ya oyimbira, ndinakuwa ndekhandekha mnyumba ngati ndili pa bwalo. Mu extra time ndinali nditayamba kale kuganiza za mapenate, basi Katie Stengel kumenya chija chakumapeto penipeni, 2-1, sizoni yonse kuthera pomwepo. Inde Gotham inapitirira mpaka kutenga chikho, inachinya Spirit 1-0 mu fainolo, sinali timu yamasewera, koma zimenezo sizinanditonthoze olo pang'ono.

Chimene chikundipweteka kwambiri nchakuti aka sikoyamba. 2022 timuyi inafika fainolo nkuluza kwa Portland Thorns 2-0, inu munali musanabwere. 2024, chaka chimene Temwa anamwetsa zigoli 20 nkuphwanya rekodi ya Sam Kerr ya 18, tinachinya North Carolina Courage 1-0 mu kotafainolo, chigoli cha Temwa yemweyo, kenako Orlando Pride kutitulutsa 3-2 mu semi. Fainolo inaseweredwa pa bwalo lathu lomwe, ife tikuonera Barbra Banda wa ku Zambia akunyamula chikho pa CPKC. Bwalo limenelo linamangidwa dala kuti likhale la timu ya amayi, anthu 11,500 amadzaza gemu ndi gemu, ndipo anthu amenewo akudikirabe chikho cha ma playoff cha mu November.

Pempho langa ndi ili bambo, ndipo ndikulinena kwa inu chifukwa udindo wa sporting director ndi wanu, zogula osewera zimadutsa mmanja mwanu. Timu imeneyi iphunzire kuwina gemu yaikulu Temwa palibe. Debinha ndi katswiri koma zaka zikupita, Bia Zaneratto ndi Michelle Cooper nawo kuvulala kunawavutitsapo mu 2025, ndiye pakufunika wina kutsogolo wokhoza kuyamba gemu ya knockout osati wongolowa mphindi 10 zomaliza ayi, ndipo azipatsidwa magemu kuyambira koyambirira kwa sizoni kuti pofika November akhale atazolowerana ndi anzake. Ma playoff a NWSL ndi gemu imodzi basi, palibe ya kubwereza, ukapunthwa tsiku limenelo mapointi 65 aja sakuthandiza kanthu. Ndipo ngati Shield itadzabweranso msanga chonde pumitsani anthu, marekodi tawaona kale ndipo tinasangalala nawo.

Za Temwa ndikupemphani mwapadera, akavulala musamamuthamangitse kubwerera asanachire bwinobwino. Anabadwa mu 1998, zaka zake zabwino ndi zinozi, ndipo ma Scorchers nawo amamudalira. Kuvulala kwa mnofu ukakufulumizira kumabwerera, ine bola aphonye magemu a koyambirira kusiyana nkuti tidzamuonenso akutuluka mbwalo atavulala mu October.

Ine wosapota wanu,
wochokera ku Malawi