Mavoti awiri a ndalama za khonsolo ku California

Akonzi,

Ndiloleni ndilongosole mitundu iwiri ya mavoti ya ku California, m'dziko la America, imene ambiri amaisokoneza. Khonsolo ikafuna kubwereka ndalama zodzabweza ndi msonkho wa malo, anthu a m'deralo amavota ndipo pamafunika mavoti ovomereza awiri mwa atatu alionse. Masukulu anawapeputsira ndi Proposition 39, lamulo lomwe anthu analivomereza pa voti mu 2000: 55 peresenti ikukwana, bola atchule ntchito zake ndi kuika komiti ya nzika yolondoloza ndalamazo.

Chopereka chapadera chomwe eni malo a dera limodzi amalipitsidwa, monga cha magetsi a mumsewu, chimatsata lamulo lina, Proposition 218 ya 1996. Injiniya amalemba lipoti loonetsa phindu la puloti iliyonse. Mwini puloti amalandira pepala lovotera papositi, pasadakhale masiku 45 msonkhano womva maganizo a anthu usanachitike, ndipo voti yake imalemera molingana ndi ndalama zomwe adzalipire. Apa ndi pomwe ambiri amagwa chagada: khonsolo imangowerengera mapepala obwezedwa okha, ndiye woliponya m'bini wakana pachabe.

Makhonsolo nawonso amapalamula. Mu 2008 khoti lalikulu la California linathetsa chopereka cha ku Santa Clara County chifukwa lipoti silinasiyanitse phindu la eni malo ndi la anthu onse.

Ine wanu,
Wowerenga