Usanagule foni ina, yamba wayesa izi

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Makanjira. Kuno ku boma tonse tili bwino, ndipo mayi ako akupereka moni. Andiuza kuti ukufuna kukatenga ngongole ku banki mkhonde kuti ugule foni yatsopano, ati chifukwa hotspot ikumangoduka ukamatumiza ntchito pa laputopu, komanso bandulo sikukhalitsa. Chonde dikira kaye. Foni yakoyo inadutsa m'manja mwanga pa benchi panga pano usanapite nayo, ndipo ndi yabwinobwino. Anthu ambiri amene amabwera ndi dandaulo ngati lakoli amabwerera kwawo ndi foni yomweyo, nditangosintha zinthu zochepa mu Settings.

Ndiyambe ndi kutentha, poti ife a kunyanja tinakuzolowera mpaka timaiwala kuti foni sinakuzolowere. Hotspot ndi ntchito yolemetsa. Foni imakoka netiweki kuchokera ku nsanja, nthawi yomweyo n'kumagawira laputopu. Ukaisomekanso pa tchaja, ili mu kava ya labala, m'nyumba ya malata masana a mu Okutobala, imafika pootcha m'manja. Ikatero imadzichepetsera liwiro yokha kuti isawonongeke, ndipo ena mwa mafoniwa amazimitsiratu hotspot. A Apple amati mafoni awo azigwira ntchito pamalo osatentha kupitirira madigiri 35, ndipo ukudziwa wekha mmene kumakhalira kuno mvula isanagwe. Ndiye ivule kava, usaigoneke pa matiresi, iike pa tebulo pafupi ndi zenera koma pamthunzi. Zinthu zikuluzikulu uzitumiza mbandakucha kapena usiku, kunja kukazizirako. Ndaona mabatire otupa mpaka kukweza galasi la foni, mwini wake n'kumadabwa. Ukangoona kumbuyo kwa foni kwayamba kutukumuka, siya kuitchaja.

Ukakhala wekha pa tebulo, sufunikanso Wi-Fi. Lumikiza foni ku laputopu ndi chingwe, utsegule USB tethering. Sizidukaduka, ndipo foni imalandirako moto pang'ono kuchokera ku laputopuyo. Chingwe chikhale chabwino, chifukwa zina zotchipa zimangotchaja basi, sizidutsa data.

Ukafuna ya Wi-Fi, ona zinthu izi. Data Saver ikakhala yoyaka, mafoni ambiri a Android amakana hotspot, ndiye izimitse, pamodzi ndi Battery Saver. Mu masetingi a hotspot muli kabatani kamene kamaizimitsa yokha pakakhala kuti palibe chalumikizidwa. Laputopu ikangogona pang'ono iwe utapita kukapatula mphika pamoto, foni imaganiza kuti wamaliza. Kazimitse kameneko. Ngati pali posankha pakati pa 2.4 GHz ndi 5 GHz, sankha 2.4. Imafika patali, imadutsa bwino chipupa, ndipo malaputopu akale ena 5 GHz saiona n'komwe.

Tsopano za bandulo, zimene ndikudziwa kuti ndi zimene zikukupweteka kwambiri m'thumba. Wakudyera data si foni, ndi laputopu. Windows ikaona Wi-Fi imayesa yafika pa intaneti yaulere, n'kuyamba kukoka zinthu zake zatsopano mwakachetechete, iwe uli kalikiliki kulemba. Lowa mu Settings ya laputopu, pa Network & Internet, dina dzina la hotspot yako, uyatse Metered connection. Ukatero imadziwa kuti data iyi ndi yogula, ndipo imadziletsa. Kumbukanso kuti bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha singakutsegulire imelo pa laputopu. Ukailumikiza choncho, mwina sizitseguka, mwinanso zidzadya mayunitsi amene unasungira kuimbira.

Pasiwedi uisinthe lero lomwe. Ndikukudziwa, mtima wako ndi wa mayi ako, sukana munthu. Koma mnzako ukamulembera pasiwedi kamodzi, foni yake imaisunga, ndipo tsiku lililonse ukayatsa hotspot iye ali pafupi imalowa yokha, iyenso osadziwa. Ona pa mndandanda wa Connected devices, uwerenge. Kugawana n'kwabwino, koma uzigawa ukudziwa. Pa chitetezo cha hotspot sankha WPA2, ndipo pasiwediyo ikhale ya zilembo ndi manambala zosachepera 8, osati chaka chimene unabadwa.

Pali chinanso cha kwanu komweko. Uli pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo m'madera a m'malire foni imene yasiyidwa kuti idzisankhire yokha netiweki nthawi zina imatola ya tsidya linalo. Zimitsa Data roaming, ulowe pa Network operators, usankhe wekha Airtel kapena TNM malinga ndi simu imene wagulira bandulo. Poti foni yako ndi ya masimu awiri, tsimikiza kuti data ili pa simu yoyenera. Dziwanso kuti pa mafoni ambiri otere, wina akakuimbira pa simu inayo data imayamba yaima mpaka mumalize kulankhula. Ukamatumiza chinthu chofunika, simu inayo izimitse kaye. Ngati 4G ikungobwera n'kuthawa, yesa kuikhazika pa 3G. Ndi yochedwerapo, koma ikakhazikika ntchito imafika.

Ngati foniyo ikumachedwanso, ndikuganiza kuti ndi kudzaza. Magulu a WhatsApp a kutchalitchi, a kuntchito ndi a kumudzi amatumiza mavidiyo usana ndi usiku. Zimitsa Media auto-download, ufufute zimene waonera kale, ndipo uziizimitsa foni n'kuiyatsanso kamodzikamodzi. Timapulogalamu tolonjeza kuyeretsa ndi kuthamangitsa foni usaike, timangodzaza zotsatsa malonda.

Zonsezi zikakanika, chita Reset network settings. Zithunzi ndi manambala ako sizikhudzidwa, koma mapasiwedi a Wi-Fi amafufutika, ndiye yamba wawalemba m'kope. Samala usakadine Factory reset, imeneyo imasesa zonse.

Yesa kwa sabata imodzi kenaka undiimbire. Ikapitirizabe kuvuta, mupatsire munthu wodalirika wobwera ku boma pamodzi ndi tchaja ndi chingwe chake, ndidzaione ndekha. Za ngongolezo usasaine chilichonse tisanalankhulane.

Ndine,
Bambo ako