Lipoti la msonkhano wa ku Cleveland uja

Zikomo nonse abale anga, ndabwerako ku msonkhano wa anthu okonda mbiri ya baseball womwe munandituma uja, ndiye ndati ndilembe lero lomwe mutu usanataye zinthu. Paja tinagwirizana kuti ana athu akamasewera kusukulu ife makolo tisamangoomba m'manja osadziwa chomwe chachitika.

Nkhani yomwe inatenga nthawi yambiri inali ya Bob Feller, woponya mpira wa timu ya Cleveland Indians, yomwe pano ikutchedwa Guardians. Mnyamata wa pa famu ku Van Meter, Iowa, anayamba kusewera mu ligi yaikulu mu 1936 ali ndi zaka 17 zokha, tangoganizani, msinkhu wa ana athu a fomu folo amene timawakalipira za mbale zosatsuka aja. Mu 1940 pa gemu yotsegulira sizoni anaponya gemu yonse osalola womenya aliyense wa Chicago White Sox kupeza hit (kumenya mpira bwino mpaka kufika pa base osatulutsidwa) ngakhale imodzi, ndipo pofika kumapeto kwa 1941 anali atawina magemu 107.

Kenako Japan inaphulitsa Pearl Harbor, doko la sitima za nkhondo za America, pa 7 Disembala 1941, pa 9 mkuluyu anali atalembetsa kale usilikali wa pamadzi. Chomwe chinandigwira mtima n'choti sanakakamizidwe, bambo ake amadwala kwambiri ndiye akanatha kutsala pakhomo koma ayi anapita, mdalayo anamwalira mu 1943 mwana ali ku usilikali. Anakagwira ntchito pa sitima ya nkhondo ya USS Alabama akuyang'anira gulu lowombera mfuti zikuluzikulu, masizoni atatu athunthu ndi gawo lalikulu la wachinayi anapita choncho. Pamenepa ine ndinakumbukira agogo athu a KAR amene nthawi yomweyo anali ku Burma, kungoti awo palibe amene amawerenga zomwe anasiya kumudzi.

Anabwerera mu Ogasiti 1945, gemu yoyamba n'kugonjetsa Detroit Tigers, ndipo mu 1946 anawina magemu 26 ndi kutulutsa omenya 348 pa strikeout (womenya akalephera katatu kumenya bwino mpira woponyedwa). Mkangano unabuka apa. Pomaliza ntchito yake anali atawina magemu 266, ndiye ena amati ikanakhala kuti kunalibe nkhondo akanadutsa 350 mosavuta, ena akuti mwina dzanjalo likanatha msanga, n'kutchula Warren Spahn amene nayenso anamenya nkhondo ku Ulaya, anawina gemu yake yoyamba ali ndi zaka 25 koma anafika 363. Anthu akuluakulu a imvi kukangana mpaka tiyi kuzizira! Ine ndinali mbali ya oyambawo, munthu amawina magemu oposa 20 chaka chilichonse kuyambira 1939 mpaka 1941, angasiye bwanji mwadzidzidzi ali ndi zaka 23?

Za malamulo a masewerawa zomwe munafuna kwenikweni sizinakambidwe kwambiri, pepani, koma ndalemba pang'ono zomwe ndinafunsa pa nthawi yopuma, ndidzafotokoza Loweruka. Ganizo langa ndi loti tidzatenge ana kukaonera gemu ku Progressive Field, bwalo la Guardians, komwe kuli chiboliboli cha Feller, akaone ndi maso. Amayi athu asungichuma, malisiti a mafuta ndi pakingi ndili nawo, chenji ndibweza tikakumana.