Asilikali timatumiza limodzi, nanga aphungu bwanji amafunsa payekhapayekha?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe ndikuona kuti yazirala msanga pomwe mabanja ena m'dziko muno misozi isanaume. Mu Disembala 2023 asilikali a Malawi, South Africa ndi Tanzania adapita kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo m'dzina la SADC, bungwe la maiko a kumwera kwa Africa, kukathandiza boma la kumeneko kulimbana ndi zigawenga za M23. Kumapeto kwa Januwale 2025, pankhondo yolimbirana mzinda wa Goma, asilikali 14 a ku South Africa adaphedwa, athu atatu adatsikira kulichete, ndipo Tanzania idataya awiri. Pa 13 Marichi chaka chomwecho atsogoleri a SADC adagwirizana zothetsa ntchitoyo, ndipo asilikali adatuluka pamsewu kudzera ku Rwanda, dziko lomwelo limene akatswiri a United Nations akhala akuliloza chala kuti limathandiza zigawengazo. Mafunso anga sakupita kwa akuluakulu a asilikali, pakuti iwo adapita komwe adatumidwa. Akupita kwa aphungu, amene amavomereza ndalama zomwe msilikali amanyamukira.

Maiko akagwirizana zotumiza asilikali pamodzi, amene amakumana ndi atsogoleri, nduna ndi akuluakulu ankhondo. Atsogoleri a SADC adakumana ku Windhoek mu Meyi 2023 n'kumanga mfundo yopita ku Congo. Koma ndalama za ulendowo zidayenera kuchokera m'misonkho ya anthu, ndipo misonkho imeneyi ili m'manja mwa nyumba za malamulo zitatu zotalikirana, ina ku Lilongwe, ina ku Dodoma, ina ku Cape Town. Nyumba iliyonse imaona kachigawo kake kokha. Phungu wa ku Lilongwe akhoza kufunsa kuti anyamata athu ndi angati ndipo akudya chiyani, koma akafunsa kuti ndege zowateteza azibweretsa ndani, ovulala awanyamula ndani, kapena zipolopolo zikatha zidutsa njira iti, nduna ikhoza kuyankha mosavuta kuti zimenezo ndi za anzathu a dziko lina. Ku Cape Town nakonso nduna ikhoza kuyankha chimodzimodzi, kuloza kwa ife. Mafunso amene amapha kapena kupulumutsa msilikali amagwera pakati, popanda mwini.

Anzathu a ku Ulaya ndi ku North America vutoli adaliona kalekale. Mgwirizano wankhondo wa NATO udakhazikitsidwa mu 1949, ndipo pofika mu 1955 aphungu a m'maiko a mgwirizanowo adayamba kukumana paokha, osadikira kuitanidwa ndi maboma awo. Bungwe lawo lero limatchedwa NATO Parliamentary Assembly, likulu lake lili ku Brussels, ndipo mumakhala aphungu ochokera m'maiko onse 32, kuphatikizapo Finland yomwe idalowa mu 2023 ndi Sweden yomwe idalowa mu 2024. Dziko lililonse limatumiza aphungu a zipani zosiyanasiyana, olamula ndi otsutsa omwe, ndipo ichi n'chachikulu, chifukwa pamisonkhano ya nduna wotsutsa salowa. Amakumana onse kawiri pachaka, koma ntchito yeniyeni imagwiridwa m'makomiti asanu, mwa iwo muli yoona za chitetezo, yoona za ndale, ndi yoona za chuma mogwirizana ndi chitetezo. Makomitiwa amayendera malo omwe asilikali ali, amafunsa akuluakulu ankhondo maso ndi maso, ndipo amalemba malipoti omwe aliyense akhoza kuwerenga. Mfundo zawo sizimanga boma lililonse, koma mlembi wamkulu wa NATO amaziyankha, ndipo phungu amabwerera kwawo akudziwa zomwe nduna ya dziko linzake idanena, kotero kuti nduna yakwawo singamunamize mosavuta.

Sindikunena izi pofuna kuyamikira nkhondo za NATO. Ambirife sitidaiwale momwe ndege za NATO zidaphulitsira mabomba ku Libya mu 2011, ndiponso bungwe la aphunguli silidaletse kuti ntchito ya zaka makumi awiri ku Afghanistan ithere m'chipwirikiti mu 2021. Chomwe ndikuloza ndi chizolowezi chokha, chakuti pamene maboma amangana manja pa zankhondo, oyang'anira maboma nawonso amangane manja. Mu Juni 2025 atsogoleri a NATO adagwirizana ku The Hague kuti pofika 2035 dziko lililonse lizigwiritsa ntchito magawo asanu mwa magawo 100 alionse a chuma chake pa chitetezo. Lonjezo limeneli silingasanduke ndalama popanda nyumba za malamulo kuvomereza bajeti chaka ndi chaka, ndipo n'chifukwa chake atsogoleriwo amawalemekeza aphungu awo ndi kuwafotokozera zinthu msanga.

Phindu lina la kukumana kotere n'lakuti aphungu amaphunzirana malamulo. Ku Germany, kuyambira pomwe khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidagamula mu 1994, boma silingatumize asilikali onyamula zida kunja popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, ndipo chilolezocho chimakhala ndi malire a nthawi ndi chiwerengero cha asilikali. Nyumba yomweyo imasankha mkulu wake woona za asilikali, amene akhoza kufika pakampu osalengeza, ndipo msilikali wamba ali ndi ufulu womulembera kalata yodandaula osadzera kwa bwana wake. Ku Britain, mu Ogasiti 2013, aphungu adakana pempho la nduna yaikulu David Cameron lofuna kukamenya ku Syria, mavoti 285 otsutsa ndi 272 ovomereza, ndipo boma lidagonja usiku womwewo. Pamene ulamuliro wa chikomyunizimu udagwa kum'mawa kwa Ulaya, bungwe la aphungu a NATO lidayambitsa misonkhano yotchedwa Rose-Roth kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, cholinga chake chili kuthandiza aphungu atsopano a m'maiko amenewo, omwe anali asanafunsepo msilikali wa nyota funso ngakhale limodzi, kuti adziwe kawerengedwe ka bajeti ya asilikali.

Ife a kuno ku Mulanje, makamaka amene tidakulira kufupi ndi chipata cha Muloza, nkhani za chitetezo cha maiko oyandikana sitichita kumva pawailesi. Mu 1986 nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo idafika ku Milanje ku Mozambique, tsidya lina la mtsinje, ndipo anthu ankawoloka usiku atasenza mphasa ndi miphika, ena atabereka ana awiri, wina kumbuyo wina kutsogolo, n'kukagona m'makonde a sukulu ndi m'matchalitchi. Chiwerengero cha othawa nkhondo m'dziko muno chidadzapitirira miliyoni imodzi nkhondoyo isanathe ndi pangano la ku Rome mu 1992. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adabwera ku Blantyre kudzamuuza Dr Kamuzu Banda kuti Malawi asiye kukhala pobisalira Renamo, ndipo chaka chotsatira asilikali athu adayamba kulondera njanji ya ku Nacala mkati mwa Mozambique. Ena adafera komweko. Nthawi imeneyo Nyumba ya Malamulo inali ya chipani chimodzi, phungu ntchito yake inali kuthokoza, ndipo anthu ankadziwa za nkhondoyo poona galimoto ya asilikali ikutsitsa bokosi pamudzi. Sitidavotere matipate mu 1993 kuti zinthu zikhalebe choncho.

Malamulo aakulu a dziko lino, omwe tidayamba kugwiritsa ntchito mu 1994, adakhazikitsa komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo, momwe zipani zimaimiriridwa molingana ndi mipando yawo, ndipo komitiyi ikhoza kukumana ngakhale Nyumba ili patchuthi. Choncho maziko alipo. Ku South Africa adapita patsogolo pang'ono, chifukwa ndime 201 ya malamulo awo imakakamiza mtsogoleri wa dziko kudziwitsa aphungu mwamsanga chifukwa chotumizira asilikali, komwe akupita, chiwerengero chawo ndi nthawi yomwe akakhaleko. Mwa njira imeneyi anthu a kumeneko adadziwa kuti dziko lawo laloleza asilikali 2,900 kupita ku Congo pa mtengo wa ndalama za kumeneko pafupifupi R2 biliyoni, ndipo asilikali awo ataphedwa aphungu adachititsa mkumano wapadera mu Febuluwale 2025 momwe boma lidapanikizidwa pamaso pa dziko lonse. Phungu wathu akadakhala nawo m'chipinda chimodzi ndi anzake a kumeneko, akadabwera ndi mafunso akuthwa kuposa omwe tidamva.

Chondipweteka n'chakuti zipangizo zonse za mgwirizano wotere zidasulidwa panthaka yathu. Bungwe la aphungu a m'maiko a SADC, lomwe likulu lake lili ku Windhoek, lidavomerezedwa ndi atsogoleri pamsonkhano wa ku Blantyre mu 1997. Pangano la SADC la mgwirizano pa ndale ndi chitetezo lidasainidwa ku Blantyre komweko mu 2001. Ndipo mu Ogasiti 2021, pamsonkhano wa ku Lilongwe, atsogoleri adavomereza kuti bungwe la aphungu lija lisanduke Nyumba ya Malamulo ya SADC, ngakhale kuti mphamvu zake ndi zongokambirana ndi kulangiza. Bungweli lagwira ntchito yooneka, monga lamulo lachitsanzo lothetsa maukwati a ana la 2016, lomwe mafumu athu ambiri akulidziwa zipatso zake. Koma mukayang'ana makomiti ake okhazikika mupeza yoona za demokalase ndi ufulu wa anthu, ya ulimi ndi zachilengedwe, ya amayi ndi achinyamata, ya chitukuko cha anthu, ndi ya malonda ndi chuma. Ya chitetezo palibe, chonsecho m'zaka zochepa zapitazi SADC yatumiza asilikali kawiri konse, ku Cabo Delgado ku Mozambique kuyambira mu Julayi 2021 mpaka 2024, kenako ku Congo.

Ndikudziwa zomwe ena ayankhe. Adzati nkhani zankhondo ndi zachinsinsi, phungu ndi wandale, akamva lero mawa alengeza pamsonkhano wa chipani. Mantha amenewa ndi omveka, koma maiko ena adawathetsa polumbiritsa aphungu ochepa ndi kumakambirana zina chitseko chili chotseka. Komanso tisasokoneze zinthu ziwiri. Malo omwe asilikali agone usiku uno ndi chinsinsi, zoonadi, koma mtengo wa chakudya chawo, kampani yomwe yapatsidwa kontirakiti yogula yunifolomu, ndi tsiku lomwe mkazi wamasiye alandire chipukuta misozi sizingathandize mdani aliyense. Nthawi zambiri mawu oti chinsinsi amateteza wogula katundu osati msilikali.

Ena adzati ndikungowatsegulira aphungu khomo lina la maulendo ndi alawansi, ndipo apa sindiwatsutsa kwenikweni, chifukwa taonapo nthumwi zikupita kunja n'kubwerako ndi masutikesi okhaokha. Mankhwala ake ndi kumanga ulendo ndi lipoti. Phungu aliyense wopita ku mkumano wotere azipereka lipoti lolembedwa m'Nyumba, lizikambidwa, atolankhani alione, ndipo wolephera kutero abweze ndalama. Misonkhano ina ikhoza kuchitika pa intaneti, monga atsogoleri a SADC eniake adachitira pa 13 Marichi paja. Sipakufunikanso kuyamba ndi maiko onse 16. Poyambira pabwino ndi makomiti a maiko atatu omwe akhala akutumiza asilikali limodzi kuyambira 2013, pomwe United Nations idakhazikitsa gulu lapadera lomenya nkhondo ku Congo. M'gulu limenelo ndi momwe asilikali athu asanu ndi mmodzi adaphedwa kufupi ndi mzinda wa Beni mu Novembala 2018, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, yemwe adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo United Nations idamulemekeza ndi mendulo yapamwamba mu 2019. Ngati msilikali wamba adakwanitsa kuika moyo wake pachiswe chifukwa cha Mtanzania, sindikuona chovuta kuti wapampando wa komiti ku Lilongwe akhale patebulo limodzi ndi mnzake wa ku Dodoma.

Mgwirizano wa aphungu ungatithandizenso pa zinthu zazing'ono za m'malire muno. Maboma a Malawi ndi Mozambique ali ndi bwalo lawo lokambirana za chitetezo, koma amene amakhalamo ndi nduna ndi akuluakulu a asilikali, apolisi ndi oona zolowa ndi kutuluka. Mayi amene amakwera kabaza kukagula chimanga ku Milanje, kapena mnyamata amene njinga yake yamoto yagwidwa tsidya lina, amakadandaula kwa phungu wake, ndipo phunguyo alibe mnzake wa m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique woti amuimbire foni. Namondwe wa Freddy atagumula milatho mu Marichi 2023 ndi kutisiya ena a ife osafikirika pamsewu, tidaona ndege za helikopita za ku Tanzania ndi Zambia zikuthandiza kufikitsa chakudya kumadera odulidwa, ndipo tidathokoza ndi mtima wonse. Koma funso lakuti chifukwa chiyani dziko lomwe limasefukira chaka ndi chaka lilibe ndege zokwanira zake, komanso lakuti pangano lobwerekana ndege pangozi likhale lolembedwa osati lodalira chifundo cha mnansi, ndi funso la aphungu a maiko onsewa pamodzi.

Choncho ndikupempha Sipikala ndi komiti yoona za chitetezo ya Nyumba yomwe tidasankha pa 16 Seputembala 2025 kuti alembere anzawo a ku South Africa ndi Tanzania, apemphe mkumano umodzi wounika ulendo wa ku Congo, ndipo zomwe sizili zachinsinsi azitulutse m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Atiuze kuti ulendowo udadya ndalama zingati ndipo gawo la Malawi linali lotani, zida zomwe zidalonjezedwa zidafika kapena ayi, adalamula ndani pamene Goma inkagwa, ndiponso ngati mabanja a omwe adatisiya adalandira zonse zowayenera. Nthumwi zathu ku bungwe la aphungu a SADC zikapereke ganizo lokhazikitsa komiti ya chitetezo, ndipo kuno kwathu pakhale lamulo lokakamiza boma kudziwitsa Nyumba ya Malamulo molemba, asilikali asananyamuke, za komwe akupita, chiwerengero chawo, mtengo wake ndi tsiku lobwerera. Phungu wa dera langa ndamulembera kale kalata ya pempho lomweli, ndipo ndikudikira yankho lake Nyumba isanayambe kukambirana bajeti ikubwerayi.

Ine wanu wowerenga,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Muloza, Mulanje