Usanalipire fizi ya mdzukulu wanga, pita ukaone wekha

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Lilongweko, iwe, akamwini ndi amuna anga aang'onowo. Kuno tili bwino, kungoti bondo lija limandivutabe kukazizira. Zithunzi zimene unatumiza pa WhatsApp ya mlongo wako ndaziona. Sukulu ya mkakayo ndi yokongoladi, makoma ojambulidwa njovu ndi akadyansonga, akatungwe atsopano, ana atavala yunifolomu yofanana mpaka masokosi. Pafoni paja netiweki inatidula ndisanamalize, ndiye ndati ndichite kulemba kuti uwerenge utakhala pansi.

Ukudziwa kuti ndakhala mlezi zaka 11 pasukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwathu muno, ija aboma amati CBCC. Tinalibe malipiro. Tinaphunzitsidwa masabata awiri okha, zina zonse anatiphunzitsa ndi ana eni ake. Tinayambira pansi pa mtengo wa mango, kenaka mudzi unaumba njerwa. Choncho ndikamayang'ana zithunzi zakozo maso anga sakhalitsa pakhoma. Ndimafunafuna munthu amene adzanyamule mwanayo akalira, ndipo m'zithunzi zonse zisanu ndi chimodzi sindinaone wamkulu ngakhale mmodzi atakhala pansi ndi ana. Mwina wojambulayo anangowapewa. Komabe paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Upite ukaone wekha, osawauza kuti ukubwera. Usapite m'mamawa pamene ana angofika ali oyera ndipo alezi akumwetulira makolo pageti. Pita cha m'ma 10 kapena 11 koloko, nthawi imene njala yayamba, wina wadzikodzera, wina walandidwa chidole. Upemphe kukhala pakona kwa ola lathunthu. Akakana, akati makolo amathera kuofesi, ine ndingabwerere pomwepo.

Ukakhala pakonapo, uyang'ane mlezi. Mwana akamulankhula, amawerama kuti aonane naye maso, kapena amayankha ali chiimire maso ali pafoni? Amawatchula maina, kapena onse ndi "iwe"? Ana amamuthamangira kudzamuonetsa kamwala kamene atola, kapena akamuona amangoti zii? Chipinda cha ana a zaka ziwiri chimene chili chete ngati m'tchalitchi chimandiopsa kwambiri, chifukwa mwana wa msinkhu umenewo sakhala chete pokhapokha akudwala, akugona kapena akuopa. Usuzumirenso kuseri kwa chitseko ngati kuli kakamtengo. Ndipo ufunse mleziyo mwini wake, osati mwini sukulu, kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji. Kumene alezi amasintha teremu iliyonse, kawirikawiri amalipidwa mochedwa kapena pang'ono, ndipo mwana amene wangozolowera nkhope imodzi amayambanso kulira kwa mlendo.

Uwerenge mitu ya ana, uwerengenso akuluakulu. Pano ndilankhula zimene zinandichitikira. Tsiku lina mnzanga anapita kumaliro, ine ndinatsala ndekha ndi ana oposa 40, mphika wa phala uli pamoto. Ndikusambitsa mmodzi amene anadziipitsira, kamtsikana ka zaka ziwiri kanatuluka osaoneka. Tinakapeza kali m'mphepete mwa chitsime cha kudimba, kakusuzumira m'madzi. Mayi wina wobwera kotunga ndiye anakagwira. Mpaka lero ndikakumbuka, m'mimba mumanditentha. Ndinkawakonda anawo, koma manja ndinali nawo awiri okha. Ana ovala matewera, munthu mmodzi akapitirira asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndiye kuti ena akudzilera okha. Uonenso geti ngati limatsekedwa, ndi amene amaloledwa kudzatenga mwana.

Ukachoka m'kalasi upemphe kuona chimbudzi cha ana, osati cha alendo. Ukukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Madzi akasiya kutuluka m'mipope, monga umadandaulira nthawi zonse, iwo amatani? Ali ndi ndowa zovundikira, amathiramo mankhwala? Sopo alipo? Ife kuno tinali ndi mpondagiya wa kachigubu basi, koma palibe mwana ankagwira phala asanasambe m'manja. Amene amasintha matewera ndi yemweyo amene amagawa chakudya? Akufunse buku la kusikelo la mwanayo. Sukulu imene sifunsa ngati mwana analandira katemera wa chikuku, uja wa pa miyezi 9 ndi 15, ndiye kuti sinafunsenso anzake amene azikakhala naye pamkeka umodzi. Ndipo mwana akatentha thupi kapena kutsegula m'mimba, akuimbire msanga, asadikire kuti uweruke.

Za chakudya sindichulutsa. Phala la mgaiwa lothira soya kapena nsinjiro, ngakhale Likuni Phala, kuphatikizapo nthochi kapena mbatata, limamugwira mwana mpaka masana. Zibwente ndi majuwisi a shuga zimangomutsekereza njala.

Tsopano nkhani imene ndinaona kuti yakukopa mtima, yoti ana a kumeneko amalankhula Chingerezi chokhachokha, amalemba m'makope ndipo amapatsidwa homuweki. Sindidana nacho Chingerezi, mwana wanga. Ndinagulitsa mtedza kuti iwe uchiphunzire, ndipo lero ukudya nacho. Koma mwanayu ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Sitandade 1 adzayamba ali ndi zaka 6. Tizala take sitinakhwime poti n'kugwira pensulo ndi kutsata mzere, timakhwimira pofinya dothi, potola zitsekero za mabotolo, pothira mchenga m'chitini ndi kuukhuthula kambirimbiri. Ndaona ana oloweza manambala mpaka 20 ngati nyimbo, koma ukawauza kuti akupatse miyala itatu amakupatsa dzanja lodzaza. Amene ankasewera masanje, kugawira anzake "nsima" yadothi mmodzimmodzi, ndi amene ankadziwa kuti zitatu n'chiyani.

Chimene chimatsegula mutu wa mwana ndi kulankhula naye ndi kumuyankha. Iye akaloza nkhuku n'kuti "kuku", wamkulu ati, "Eee, nkhuku, yofiira, ili ndi anapiye angati?" Mlezi amene wakakamizidwa Chingerezi chimene sachidziwa bwino amangotsala ndi mawu olamula, khala pansi, khala chete, ndipo tsiku limatha mwana asanacheze ndi munthu. Kuli bwino amuimbire, amuuze nthano, ati "padangokhala" ana ayankhe "tili tonse", Chingerezicho chizilowa pang'onopang'ono m'nyimbo ndi m'masewera. Ndikufunanso akadzabwera kuno azidzatha kundiuza kuti akumva ludzu, ine n'kumumva.

Ufunse ngati ali ndi TV ndi nthawi imene imayaka. Alangizi a zaumoyo anatiuza malangizo a 2019 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, akuti mwana wa zaka ziwiri asapitirire ola limodzi patsiku akuonera, ndipo akachepetsa ndi bwino koposa. Malangizo omwewo amati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri agone maola 11 mpaka 14 kuphatikizapo tulo ta masana. Ndiye uone pamene amawagoneka, ngati pali mkeka woyera, mpweya ukulowa, ndiponso wamkulu ali pafupi.

Sukulu zoterezi zimayang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi ana kudzera kuofesi ya Social Welfare ya boma lililonse. Ufunse ngati amadziwika kumeneko, sichamwano. Ukaonenso ina ija ya kutchalitchi kwanu imene unati ndi yosaoneka bwino. Uipatse ola limodzi ngati inzakeyo, ndipo akamwini apite nawo, maso anayi amaona zambiri.

Mukasankha, masiku oyamba adzalira, usadzidzudzule. Umutsanzike, osamuzemba, umuuze kuti ubwera akadya phala ndi kugona, ndipo ubweredi nthawi yomweyo. Pakatha masabata atatu akadali kudzidzimuka usiku, kapena wasiya kudya, kapena akumenya zidole zake n'kumazikalipira ndi mawu amene simulankhula pakhomo panu, umvetsere bwino, chifukwa akukuuza zimene amaona kumeneko.

Ndakazinga soya ndipo ndapita naye kuchigayo pamodzi ndi mgaiwa. Mlongo wako akweza pabasi Loweruka, pamodzi ndi nsinjiro ndi kagalimoto kamawaya kamene wamupangira mphwake. Ukapita kusukulu ziwirizo undiimbire madzulo ake, undiuze zimene mlezi anachita mwana woyamba atalira.

Ndine mayi ako.